Kugula makobidi akale a Agiriki ndi Aroma: mmene mungatsimikizire manja amene anadutsamo

Munthu wa mu Lusaka akafuna kugula galimoto imene inagwirapo kale ntchito sakhutira ndi kuwala kwa penti kapena kulira bwino kwa injini. Amapempha white book, amawerama n'kuyerekeza nambala ya pa chesesi ndi imene yalembedwa pa pepala, ndipo ikakhala puloti amapita yekha ku unduna wa za malo kukaona ngati wogulitsayo alidi mwini wake. Nzeru yomweyo ndi imene imafunika kwa munthu amene wayamba kukonda makobidi a Agiriki, Aroma, Ayuda kapena a ufumu wa Aksum, amene anasulidwa zaka 1,500 mwinanso 2,500 zapitazo. Kusiyana kwake n'kwakuti khobidi lakale lilibe ofesi imene inalilembetsa, motero mapepala ake amakhala omwazikana m'mabuku a okushoni, m'malisiti ndi m'timapepala tolembedwa pamanja, ndipo ntchito yowasonkhanitsa ndi kuwatsimikiza imagwera wogula. Ogulitsa a kunja mbiri imeneyi amaitcha provenance kapena pedigree, koma pano tizingoti mbiri ya manja amene khobidi linadutsamo.

Ine khobidi langa loyamba ndinaligula mopupuluma. Linali lamkuwa, la mfumu Constantine, ndipo wogulitsa wina wa pa intaneti analemba pansi pa chithunzi chake kuti linachokera "m'chuma cha mkulu wina wa ku England cha kalekale". Mawu amenewo anandikoka mtima, ndinalipira kuposa mtengo wake, ndipo phukusi litafika ndinapezamo khobidi m'kathumba kapulasitiki, popanda kapepala, popanda dzina la mkuluyo, popanda chaka. Nditalemba kalata yofunsa, yankho linali lakuti banja la mwini wakeyo silifuna kutchulidwa. Khobidilo ndi lenileni ndipo ndikali nalo, koma ndalama imene ndinawonjezera chifukwa cha "mkulu wa ku England" ndinangoitaya m'madzi. Kuyambira pamenepo ndimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisakaniza: mbiri imene wogulitsa wanena, ndi mbiri imene ine ndingathe kuiona ndi maso anga.

Chifukwa chake mbiriyi ili ndi mtengo

Nkhani yoyamba ndi ya malamulo. Pa 14 Novembala 1970 bungwe la UNESCO linakhazikitsa pangano loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa mwachinyengo zinthu za chikhalidwe, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko amene analivomereza. Chaka cha 1970 chinasanduka malire amene nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi osonkhanitsa osamala amayendera: khobidi limene lili ndi umboni woti linali kale kunja kwa dziko limene linafukulidwa chakacho chisanafike limalandiridwa mosavuta, pamene limene langotulukira dzulo limadzutsa mafunso. Maiko ena anali ndi malamulo awo kale kwambiri. Ku Italy lamulo la 1909 linanena kuti zinthu zakale zofukulidwa m'nthaka ndi za boma. America inayamba kuletsa kulowetsa makobidi ena a ku Cyprus opanda mapepala mu 2007, ndipo mu 2011 inawonjezera ena a ku Italy ndi ku Greece. Germany nayo inakhwimitsa lamulo lake mu 2016. Mwina munganene kuti zimenezi n'za kutali ndi Lusaka, koma tsiku limene inu kapena ana anu mudzafune kugulitsa, msika wake udzakhala ku London, Zürich, Munich kapena New York, ndipo kumeneko funso loyamba lidzakhala la mapepala. Palinso nkhani ya chikumbumtima. Makobidi ambiri opanda mbiri amakumbidwa usiku ndi anthu onyamula makina ofufuzira zitsulo, amene amagumula manda ndi mabwinja n'kutaya mbiya ndi mafupa, mwakuti zonse zimene akatswiri akanaphunzira pamalopo zimatayika kosabwerera.

Nkhani yachiwiri ndi ya makobidi achinyengo. Khobidi limene linajambulidwa m'buku la 1921 silingakhale ntchito ya munthu amene akusula zabodza lero ndi makina amakono, ndipo ichi n'chitetezo chachikulu. Komabe musachikulitse kuposa mmene chilili, pakuti osula zabodza sanayambe lero. Giovanni Cavino wa ku Padua, amene anamwalira mu 1570, ankasula makobidi otengera a mafumu a Roma mwaluso kwambiri, ndipo Carl Wilhelm Becker wa ku Germany, amene anamwalira mu 1830, anapusitsa anthu odziwa a m'nthawi yake, kotero kuti ntchito za amuna awiriwa zinagona m'makabati a anthu otchuka zaka zambiri zikuyesedwa zenizeni. Mbiri yaitali imachepetsa chikayikiro, siichotseratu.

Chachitatu n'chimene chimakopa ambiri a ife, ngakhale sitichivomera msanga: kukoma kogwira chinthu chimene chinagwidwa ndi munthu wodziwika. Chizolowezichi n'chakale, wolemba mbiri Suetonius ananena kuti mfumu Augustus inkapatsa anthu mphatso za makobidi akale a mafumu ndi a maiko achilendo pa zikondwerero.

Mayina amene mudzakumana nawo

M'mabuku a okushoni mbiri imalembedwa ndi kamawu ka Chilatini kakuti ex, kutanthauza "kuchokera kwa", ndipo kawirikawiri imayambira pa mwini waposachedwa n'kumabwerera m'mbuyo. Mzere wabwino umatchula dzina la mwini, kampani imene inachititsa okushoni, tsiku, ndi nambala ya loti, yomwe ndi nambala imene chinthu chogulitsidwa chimapatsidwa pa okushoni. Mzere umene ukungoti "ex old Swiss collection" kapena "ex European private collection" sunanene kanthu. Uli ngati munthu amene wafunsidwa kwawo n'kuyankha kuti "kummawa".

Mayina ena ndi bwino kuwadziwa pamtima. Samuel Pozzi anali dokotala wotchuka wa ku Paris amene anaphedwa mu 1918 ndi wodwala amene iye anam'chitapo opaleshoni, ndipo makobidi ake a Chigiriki oposa 3,000 anagulitsidwa ndi kampani ya Naville ku Lucerne mu 1921. Buku la okushoni imeneyo lili ndi zithunzi zochuluka, n'chifukwa chake "ex Pozzi" ndi mbiri yosavuta kuitsimikiza. Sir Arthur Evans, amene anafukula mabwinja a Knossos pa chilumba cha Crete, anagulitsako makobidi ake kudzera ku kampani yomweyo. Woimba wa ku Italy Enrico Caruso ankasonkhanitsa agolide, ndipo makobidiwo anagulitsidwa ku Naples mu 1923. Chuma cha Richard Cyril Lockett chinagulitsidwa ndi Glendining ku London m'magawo ambiri kuyambira 1955 mpaka 1961, ndipo makobidi ake a Chigiriki anali atasindikizidwa kale m'mabuku a Sylloge Nummorum Graecorum. Makobidi a Nelson Bunker Hunt, mkulu wa mafuta wa ku Texas, anagulitsidwa ndi Sotheby's ku New York mu 1990 ndi 1991. Amenewa ndi mayina a mtengo wokwera, koma pali ena amene munthu wa malipiro wamba angawafike. Makobidi pafupifupi 38,000 a Archer M. Huntington, amene anali a Hispanic Society of America, anagulitsidwa mu 2012 n'kumwazikira pa msika, ndipo ambiri ndi amkuwa ndi asiliva wamba okhala ndi timapepala ta manambala a nyumba imene inkawasunga. Momwemonso makobidi a munthu amene amangodziwika ndi zilembo zakuti BCD, amene anasonkhanitsa a m'mizinda ya Greece: alipo ambirimbiri otsika mtengo, ndipo amabwera ndi timapepala tozungulira tolembedwa ndi dzanja lake.

Dzina lalikulu nalo limafuna kulifunsa. Makobidi amene amatchedwa "ex John Quincy Adams", pulezidenti wachisanu ndi chimodzi wa America, anagulitsidwa ndi Stack's mu 1971 kuchokera ku Massachusetts Historical Society, koma chumacho chinali cha banja, ndipo mwana wake Charles Francis Adams anawonjezeramo ambiri, motero simunganene motsimikiza kuti khobidi lililonse pulezidentiyo analigwira. Chuma cha mfumu Farouk ya ku Egypt chinagulitsidwa ku Cairo mu 1954, koma buku lake linakonzedwa mofulumira, makobidi ambiri anaunjikidwa m'loti imodzi popanda zithunzi, mwakuti kutsimikiza kuti khobidi lakutilakuti linali la Farouk kumavuta popanda mapepala ena. Ndiye pali nkhani ya Boscoreale, dera la ku Italy pafupi ndi Pompeii. Mu 1895 anthu anapeza kumeneko makobidi agolide oposa 1,000 m'nyumba imene inakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, ndipo ambiri anatenga mtundu wofiirira chifukwa cha kutentha ndi mpweya wa phirilo. Lero ena akangoona golide wofiirira amalemba "Boscoreale". Mtundu wokha si umboni, ndipo khobidi la mfumu imene inalamulira chitapita chaka cha 79, monga Trajan, silingachokere kumeneko ngakhale litafiira chotani.

Ntchito yeniyeni: kuyerekeza khobidi ndi chithunzi

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Makobidi akale sankasulidwa ndi makina ngati a ngwee amene timalandira chenji m'sitolo. Wosula ankaika kachidutswa ka siliva kapena mkuwa pakati pa zidindo ziwiri, china chokhazikika pa chipala, china cha m'manja, n'kumenya ndi hamala. Chifukwa cha zimenezi palibe makobidi awiri ofanana ndendende. Lina chithunzi chinapendekera kumanzere n'kudula zilembo ziwiri, lina linang'aluka m'mphepete, lina ndi lozungulira ngati dzira. Zilema zimenezi zili ngati chidindo cha chala cha khobidi, ndipo ndizo mboni yanu.

Choyamba pezani buku limene latchulidwa. Masiku ano simufunika kupita ku Ulaya, chifukwa mabuku ambiri akale a okushoni anaikidwa pa intaneti kwaulere: yunivesite ya Heidelberg ili ndi ambiri a ku Germany, Switzerland ndi Austria, Gallica ili ndi a ku France, ndipo ena ali pa archive.org ndi pa Newman Numismatic Portal. Pa malonda a kuyambira cha m'ma 2000, acsearch ndi CoinArchives zimasunga zithunzi ndi malongosoledwe a maloti ochuluka zedi. Mukapeza loti yake, ikani chithunzi chakale ndi chatsopano pambali pa chinzake pa kompyuta, osati pa foni, ndipo musayambire pa nkhope ya mfumu, chifukwa makobidi ambiri anasulidwa ndi chidindo chimodzi ndipo nkhope zawo zimafanana. Yambirani m'mphepete. Tsatirani mzere wa kunja ngati mukuyenda m'malire a munda, muone pamene pali mng'alu, pamene pali chotupa, pamene timadontho tozungulira chithunzi tathera, ndi chilembo chimene chadulidwa pakati. Chitani chimodzimodzi kumbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha; ntchitoyi siifuna munthu amene watsala ndi mphindi zisanu kuti okushoni itsekedwe.

Ndikukumbukira usiku wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, nditafunda bulangeti patebulo, ndikuyerekeza dinari ya siliva ndi chithunzi cha m'buku limene wogulitsa anatchula. Nkhope inali yomweyo, zilembo zomwezo, ndipo mtima unali utavomera kale. Koma pa chithunzi chakale, pansi pa khosi la mfumu panali kamng'alu kooneka ngati mchira wa mbewa, pamene pa khobidi logulitsidwalo m'mphepete munali mosalala. Zinali zidindo zimodzi, makobidi awiri osiyana. Sindikhulupirira kuti wogulitsayo ananama mwadala, mwina anangoyang'ana nkhope n'kukhutira monga ndinatsala pang'ono kuchitira ine, koma mtengo umene ankafuna unali wa mbiri imene khobidilo linalibe.

Pali zinthu zimene zingakusokonezeni poyerekeza. Zithunzi za m'mabuku ambiri akale sizinajambulidwe pa khobidi lenilenilo, koma pa chifaniziro chake choumbidwa ndi pulasitala, choncho zimaoneka zoyera mofanana, sizionetsa mtundu umene siliva anatenga, ndipo nthawi zina pamaoneka tinthu toyambitsidwa ndi thovu la pulasitalayo. Musadabwe nazo. Chimene sichisintha ndi kaumbidwe ka m'mphepete ndi malo a chithunzi pa chitsulo. Kenako yang'anani kulemera. Sikelo ya digito yoyeza mpaka 0.01 ya gilamu, ngati imene amagwiritsa ntchito osula ndolo ndi mphete, ndi chida choyamba kugula, pamodzi ndi galasi lokulitsa kakhumi. Mabuku akale a ku England ankalemba kulemera m'ma grain, ndipo grain imodzi ndi magilamu 0.0648, motero khobidi la ku Athens la kadzidzi lolembedwa 265 liyenera kulemera pafupifupi magilamu 17.17, zimene zikugwirizana ndi muyezo wa mtunduwo wa pafupifupi 17.2. Kusiyana kwa 0.02 kapena 0.03 n'kwa masikelo. Khobidi likhoza kupepukako pang'ono ngati linatsukidwa, koma likapezeka lolemera kwambiri kuposa kale, kapena lopepuka ndi theka la gilamu, imani kaye.

Chenjezo lina n'lakuti onyenga amatha kutenga khobidi lenileni la mbiri yabwino n'kupanga chikombole, n'kuthiramo siliva wosungunula. Chotulukamo chimafanana ndi chithunzi chakale mpaka m'ming'alu momwe. Chimadziwika ndi zilembo zofewa ngati sopo wosambira kale, timaenje tating'ono pankhope, mzere wa msoko kapena zipsera za tupa m'mphepete, ming'alu yosalowa mkati, ndiponso kulemera koperewera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. N'chifukwa chake kufanana ndi chithunzi sikulowa m'malo mwa kugula kwa wogulitsa amene amalonjeza polemba kuti adzabweza ndalama nthawi ina iliyonse khobidi likadzapezeka labodza. Mamembala a International Association of Professional Numismatists, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1951, amalonjeza kuti zimene akugulitsa ndi zenizeni. Dziwaninso kuti khobidi lakale lotsekeredwa m'kabokosi kapulasitiki ka NGC, kampani ya ku America yoyesa makobidi, limayesedwa ndi akatswiri, koma kampaniyo imanena poyera kuti pa makobidi akalewa sipereka chitsimikizo chakuti ndi enieni.

Timapepala ta eni akale nato n'tofunika, ngakhale n'tosavuta kusamutsa. Kapepala kozungulira kolembedwa ndi inki yofiirira kamakhala umboni pokhapokha ngati zimene kakunena, mtundu, kulemera, nambala, zikugwirizana ndi khobidi limene kabwera nalo, ndiponso ngati dzanja lake likufanana ndi la pa timapepala tina todziwika ta munthu yemweyo. Kapepala kakale kangathe kuikidwa pansi pa khobidi lililonse.

Kuti muone kuti zimenezi si mantha a munthu wosauka, taganizirani za khobidi lagolide la Brutus lolembedwa EID MAR, limene linasulidwa mu 42 BC kukumbukira kuphedwa kwa Julius Caesar, lokhala ndi mipeni iwiri ndi chipewa cha ufulu. Mu Okutobala 2020 linagulitsidwa ku London ndi Roma Numismatics pa mapaundi oposa 3 miliyoni, ndipo mapepala ake ankati linachokera m'chuma chakale cha Baron Dominique de Chambrier wa ku Switzerland. Mbiriyo inali yopeka. Mkulu wa kampaniyo, Richard Beale, anamangidwa ku New York mu 2023 n'kuvomera milandu, ndipo khobidilo linabwezedwa ku Greece chaka chomwecho. Khobidi linali lenileni, dzina linali la banja lenileni, koma panalibe chithunzi kapena buku lakale limene munthu akanatsegula n'kuliona.

Kugula muli ku Lusaka

Musayambe ndi zonse. Sankhani kagawo kamodzi, mwachitsanzo madinari a mafumu a Roma, timakobidi ta ku Yudeya, kapena a Aksum, ufumu wa ku Ethiopia ndi Eritrea umene unayamba kusula ndalama zake cha m'ma 270 pansi pa mfumu Endubis, ndipo pansi pa Ezana unaika mtanda pa makobidi. Anthu ambiri a kwathu kuno amakopeka ndi makobidi otchulidwa m'Baibulo: dinari ya Tiberius imene ambiri amati ndiyo anaonetsa Yesu pa funso la msonkho, timakobidi tamkuwa ta Alexander Jannaeus timene amatiyerekeza ndi tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye, ndi masekeli a ku Turo. Kagawo kameneka n'kokoma, koma chifukwa chakuti ofuna ndi ambiri, abodza nawonso achuluka, ndipo mitengo imakwera chifukwa cha nkhani osati kusowa. Mukasankha, pitirizani miyezi iwiri kapena itatu mukungoonerera malonda pa masamba a pa intaneti a Sixbid, NumisBids kapena biddr osagula kanthu, mukuwerenga malongosoledwe ndi kuyerekeza ndi zimene American Numismatic Society inaika kwaulere pa OCRE, kumene kuli mitundu ya makobidi a mafumu a Roma. Diso limaphunzira ndi kuona kambiri.

Mtengo umene hamala yagundira si umene mudzalipire. Makampani ambiri amawonjezera komishoni ya 20 kapena kuposerapo pa 100 iliyonse, kenako pali ndalama yotumizira, ya inshuwalansi, ya banki, ndi msonkho wa pa kasitomu phukusi likafika. VAT ya kuno ndi 16 pa 100, ndipo ndi nzeru kufunsiratu ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, mmene katundu wotere amawerengedwera. Mwachitsanzo, khobidi limene mwapambana pa mayuro 200 limafika 240 ndi komishoni yokha, ndipo likamadzalowa m'nyumba mwanu lingakhale litapitirira 300. Kwacha nayo imatha kusuntha pakati pa tsiku lopambana ndi tsiku lolipira. Choncho werengerani chobwerera m'mbuyo: yambani ndi ndalama yonse imene mungathe kutulutsa, chotsani zonsezi, ndipo yotsalayo ndiyo malire anu. Ikaniretu malirewo pa intaneti tsiku lisanafike, chifukwa magetsi kapena netiweki ikhoza kukuthawani loti yanu ili pafupi, ndiponso chifukwa munthu amene akupikisana pompopompo magazi amatentha n'kuiwala masamu. Nthawi ya ku Zürich ndi Munich imafanana ndi yathu m'miyezi yawo yotentha ndipo imatsalira ndi ola limodzi m'miyezi yozizira, pamene malonda a ku New York amatigwera madzulo kapena usiku.

Musanapikisane lembani kalata yaifupi yaulemu yofunsa zinthu zitatu: ngati amatumiza ku Zambia ndi njira yotsatika, ngati timapepala ndi malisiti akale abwera limodzi ndi khobidi, ndiponso ngati mbiri yonse idzalembedwa pa lisiti lanu pamodzi ndi chithunzi. Ogulitsa a ku Italy ndi Spain amafunika chilolezo cha boma chotulutsira khobidi kunja, chimene chimatenga milungu ingapo mwinanso miyezi. Musakwiye nako kuchedwako, chifukwa chilolezocho chikafika chimakhala limodzi mwa mapepala amphamvu kwambiri amene mungakhale nawo.

Mbiri ikhale yoyenera kulipirira zingati? Maganizo anga ndi akuti mbiri yotsimikizika ndi chithunzi, ya chisanafike chaka cha 1970, ndi yoyenera kuwonjezerapo ndalama yooneka, ndipo ikakhala ya dzina lotchuka ena amalipira kawiri mtengo wamba osadandaula. Mbiri ya dzina ndi kapepala kogwirizana, popanda chithunzi, iyenera zochepa. Mbiri ya pakamwa siiyenera ngwee ngakhale imodzi. Ndipo khobidi lofufutika loipa silikongola chifukwa chakuti linagona m'kabati ya munthu wolemera. Gulani limene mukanalikonda ngakhale likanakhala lopanda dzina. Phindu lenileni la wosonkhanitsa wodekha lili kwina: eni ambiri akamwalira timapepala timatayika, khobidi n'kubwerera pa msika lopanda mbiri, ndipo munthu amene amakonda kusanthula mabuku akale amatha kulizindikira n'kuligula pa mtengo wamba. Siliva amene wada mofatsa, motuwira ngati mtambo wa mvula, kawirikawiri anakhala zaka zambiri m'kabati yamatabwa, ndipo khobidi lotero ndi loyenera kulifufuza. Palinso makampani amene amafufuza zithunzi za m'mabuku akale ndi kompyuta pa malipiro.

Za m'misika ya m'tauni muno ndinene mwachidule. Tsiku lina Lamlungu bambo wina anandikokera pambali n'kutsegula bokosi la machesi, nati, "Bwana, iyi ndi ya Aroma yeniyeni, agogo anga anaipeza polima." Chinali chitsulo chopepuka, cha msoko kuzungulira, cha mtundu umene amagulitsa kwa alendo odzaona malo. Ndinawathokoza n'kuwabwezera. Mapeni oboola a Rhodesia and Nyasaland, amene mphekesera zimati ndi a ndalama zankhaninkhani, ndi abwino kusunga monga chikumbutso, koma anasulidwa ochuluka kwambiri ndipo si a m'gulu limene tikukamba pano. Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi mitanda yamkuwa imene makolo a m'chigawo chino ankagwiritsa ntchito posinthana katundu, yonga imene inapezeka ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, malowo atatulukira mu 1960. Zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo la National Heritage Conservation Commission, limene limakhudza zinthu za mbiri zopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'Zambia isanafike 1 Januwale 1924. Wozipeza ayenera kudziwitsa bungwelo, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Sizingakhale zomveka kudandaula za mabwinja a ku Greece kwinaku tikugula zofukulidwa mozemba m'manda a kwathu.

Khobidi likafika

Musalitsuke. Osati ndi polishi wa mkuwa, osati ndi mandimu, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Khungu limene khobidi latenga pa zaka mazanamazana ndi mbali ya mtengo wake, ndiponso ndi mbali ya umboni wake, popeza zithunzi za malonda apitawo zimalionetsa lili choncho. Ligwireni m'mphepete ndi manja osamba ndi ouma, pamwamba pa nsalu yofewa, chifukwa siliva wakale amatha kuuma mkati n'kusweka akagwa pa simenti. Lisungeni m'kaenvulopu ka pepala lopanda asidi kapena m'thireyi, osati m'mapulasitiki ofewa a PVC amene amatulutsa mafuta obiriwira. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimakwera, ndipo mdani wa makobidi amkuwa ndi kaufa kobiriwira mowala kamene kamatuluka ngati nkhungu n'kumadya chitsulo. Ikani timapaketi ta silica gel m'bokosi, muzilitsegula kamodzi pamwezi, ndipo limene layamba ufa mulipatule msanga kwa anzake.

Tsiku lomwelo lijambuleni mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, liyezeni pa sikelo, ndipo jambulaninso timapepala tonse timene labwera nato, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi lisiti, chilolezo chotulutsira kunja, pepala la kasitomu, ndi tsamba la buku lakale pamene munalipeza. Sungani zonsezi pawiri, m'faelo ya mapepala ndi pa intaneti. Timapepala takale musalembepo kanthu, musatimate ndi selotepi, ndipo musatitaye ngakhale titang'ambika kapena titalembedwa m'chinenero chimene simuchimva. Kenako dulani kapepala kanu katsopano, mulembe ndi pensulo kapena inki yosafufutika mtundu wa khobidi, kulemera kwake, kumene mwaligula, tsiku, nambala ya loti, ndipo pansi pake dzina lanu ndi mawu akuti Lusaka. Muuzenso munthu mmodzi wa m'banja, amene adzayang'anire katundu wanu, kuti maenvulopuwo ndi makobidiwo siziyenera kulekanitsidwa, ndipo mumuonetse pamene faeloyo imakhala.